Buku la Amakabeo: analichotsa ndani, kapena analiwonjezera ndani?

Nagama_Chigwirizano:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha thandizo lanu pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira sabata yatha. Ine ndinakulira mu mpingo wa CCAP, sinodi ya Nkhoma, koma ndinakwatiwa kubanja la Akatolika. Apongozi anga aamuna anatisiya, ndipo pa Misa ya maliro awo anawerenga mawu ochokera m'buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12. Ndinali nditanyamula Buku Lopatulika langa, ndipo ndinatsegula uku ndi uku mpaka wowerengayo anakhala pansi ine bukulo ndisanalipeze. Nditafunsa alamu anga, iwo anati Martin Luther ndiye anachotsa mabuku 7 m'Baibulo chifukwa ankatsutsana ndi chiphunzitso chake. Nditafunsa mkulu wa mpingo wa kwathu, iwo anati Akatolika ndiwo anawonjezera mabukuwo. Onse awiri ndi anthu amene ndimawalemekeza, koma sizingatheke kuti onse akunena zoona. Tsopano apongozi anga aakazi andipempha kuti ndisonkhe nawo chopereka cha Misa yopempherera mzimu wa malemuwo, ndipo sindikufuna kuvomera kapena kukana ndisanamvetse kumene nkhaniyi inachokera.

Mlonda_wa_Choonadi:
Mayi, musavutike. Chivumbulutso 22:18-19 chikuletsa kuwonjezera pa mawu a m'buku. Baibulo lili ndi mabuku 66, ndipo enawo anawonjezedwa pa msonkhano wa Akatolika wa ku Trent m'chaka cha 1546. Nkhani yathera pamenepo.

Katekisiti_Mphakati:
Choyamba, pepani ndi maliro amene akugwerani, mayi. A Mlonda, mawu amene mwatchulawo akunena za ulosi wa m'buku la Chivumbulutso lenilenilo, pakuti pamene Yohane ankalemba, Baibulo losokedwa m'chikuto chimodzi kunalibe. Lamulo lofanana nalo lili pa Deuteronomo 4:2, ndipo tikanalimva monga mmene inu mukumvera Chivumbulutso, Baibulo likanathera pa mabuku a Mose. Mabuku amene tikukambawa ndi Tobiti, Yuditi, Nzeru za Solomoni, Mphunzitsi limene ena amati Siraki, Baruki, ndi mabuku awiri a Amakabeo, kuphatikizapo zigawo zina za Estere ndi Danieli. Nchifukwa chake ife Akatolika tili ndi mabuku 46 m'Chipangano Chakale pamene anzathu ali nawo 39, koma m'Chipangano Chatsopano tonse tili ndi 27. Maepiskopi amene anasonkhana ku Hippo m'chaka cha 393 ndi ku Carthage m'chaka cha 397 anawawerengera mabuku amenewa pamndandanda wa Malembo, ndipo msonkhano wa ku Florence unabwereza mndandandawo m'chaka cha 1442, Luther asanabadwe nkomwe, pakuti iye anabadwa mu 1483. Kodi chinthu chimene chinalipo kale zaka zoposa 1,100 chingakhale chowonjezedwa mu 1546?

Mlonda_wa_Choonadi:
Misonkhano imene mukutchulayo ndi ya anthu. Ine ndikufunsa za Mulungu.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
A Mlonda, mndandanda wa mabuku 66 nawonso sulembedwa pa vesi lililonse, choncho tonsefe tikukakamizika kufunsa mbiri. Mayi Nagama, alamu anu ndi mkulu wa mpingo wanu aliyense wagwira mbali imodzi ya nkhani ndi kusiya inayo, ndipo mkangano umenewu ndi wakale kuposa Luther ndi Trent yemwe.

Gwero lake ndi lakuti m'nthawi ya Yesu Ayuda ambiri ankakhala kunja kwa dziko lawo ndipo ankalankhula Chigriki. Kuyambira cha m'ma 250 Khristu asanabadwe, Ayuda a ku Alexandria, mu Ejipito, anayamba kumasulira Malembo awo m'Chigriki, ndipo kumasulira kumeneku ndiko kumatchedwa Septuagint. Mpingo woyamba unafalikira m'Chigriki, ndipo olemba Chipangano Chatsopano akamatchula Chipangano Chakale nthawi zambiri amatsata mawu a Septuagint. Akhristu pokopera mipukutu ya Chigrikiyi ankakopera pamodzi ndi mabuku monga Tobiti ndi Siraki. Ayuda okha anakhazikika pa mabuku 24 a Chihebri, amene ndi omwewo 39 athu koma owerengedwa mwa njira ina, pakuti aneneri aang'ono 12 amawatenga ngati buku limodzi, Ezara ndi Nehemiya amawaphatikiza kukhala buku limodzi, ndipo Samueli, Mafumu ndi Mbiri sawagawa pawiri.

Tsono Akhristu akale sanali amodzi pa nkhaniyi. Athanasius, episkopi wa ku Alexandria, m'kalata yake ya Pasaka ya chaka cha 367, imene ndi yoyamba kutchula mabuku onse 27 a Chipangano Chatsopano monga tili nawo lero, anaika Nzeru, Siraki, Yuditi ndi Tobiti m'gulu la mabuku owerengera ophunzira chikhristu koma osakhala pamndandanda. Chodabwitsa nchakuti m'gulu lomwelo anaikamonso Estere, pamene Baruki anamulandira pamodzi ndi Yeremiya, kotero kuti mndandanda wake sufanana ndi wa Akatolika kapena wa Aprotestanti. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini ali ku Betelehemu ndi kutsiriza cha m'ma 405, anaphunzira Chihebri ndipo anaima pa mndandanda wa Ayuda. Iye anati mabuku enawo mpingo uziwawerenga pofuna kulimbikitsa anthu, koma osati pokhazikitsa chiphunzitso. Augustine wa ku Hippo anaona mosiyana, nati chimene mipingo yakhala ikuwerenga m'mapemphero ndicho Malembo, ndipo misonkhano imene a Katekisiti atchula inatsata maganizo ake. Kwa zaka pafupifupi 1,000 maganizo awiriwa anayendera limodzi mu mpingo umodzi wa kumadzulo. Ngakhale Kadinala Cajetan, amene anatumidwa ndi Papa kukakumana ndi Luther mu 1518, anatsata Jerome pa nkhani ya mabukuwa.

Ofunafuna_265:
Zikomo aphunzitsi, koma ine ndinamva kuti Mfumu Constantine ndiyo inasankha mabuku a m'Baibulo pa msonkhano wa ku Nicaea, ndi kutentha ena onse amene sinawafune. Kodi zimenezi mwazisiyiranji?

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Ndazisiya chifukwa sizinachitike. Msonkhano wa ku Nicaea wa mu 325 unakambirana za chiphunzitso cha Arius, amene ankati Mwana wa Mulungu analengedwa, ndiponso za tsiku lokondwerera Pasaka ndi malamulo 20 oyendetsera mpingo. M'malamulo amenewo mulibe mndandanda wa mabuku. Zolemba zimene Constantine analamula kuti zitenthedwe ndi za Arius. Chimene anachita pa Baibulo ndi kupempha Eusebius wa ku Caesarea kuti akonzetse makope 50 a Malembo ogwiritsa ntchito m'matchalitchi a mzinda wake watsopano.

Wosunga_Lachisanu_ndi_Chiwiri:
Koma musamuyeretse Constantine. Iyeyu ndiye analamula mu 321 kuti anthu azipuma pa tsiku la dzuwa. Mpingo umene unavomera kusintha tsiku la Mulungu sungadabwitse ukasinthanso mabuku.

Katekisiti_Mphakati:
Lamulo la mu 321 lilipodi, ndipo linali la boma, loti makhoti ndi ntchito za m'mizinda ziziima tsiku limenelo. Koma Justin Martyr, mlembi wachikhristu, polemba cha m'ma 150, anafotokoza kale kuti Akhristu ankasonkhana pa tsiku lotchedwa la dzuwa, kuwerenga zolemba za atumwi ndi za aneneri, ndi kunyema mkate. Zimenezo ndi zaka pafupifupi 170 lamulo la Constantine lisanabwere.

Wosunga_Lachisanu_ndi_Chiwiri:
Kusonkhana pa tsiku loyamba si kuthetsa lamulo lachinayi. Justin si Mose.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, nkhani ya Sabata ili ndi malo ake ndipo tinaikambirana kale mokwanira. Mayi amene afunsa ali pa chisoni ndipo akudikira yankho la funso lawo. Tiyeni tibwerere ku mabuku.

MkuluWaMpingo_Dowa:
Ndathokoza aphunzitsi chifukwa cha chilungamo chawo, ndipo ndivomere kuti mawu oti Akatolika anawonjezera mabuku mu 1546 ifenso akulu a mpingo timawanena mopupuluma. Komabe ndifotokoze chifukwa chake ife tili kumbali ya Jerome. Paulo pa Aroma 3:2 akuti mawu a Mulungu anaikizidwa kwa Ayuda, ndipo Ayudawo sanalandire mabuku amenewa m'Malembo awo, ngakhale kuti ndiwo anawalemba. Ambuye Yesu pa Luka 24:44 anatchula chilamulo cha Mose, aneneri ndi masalimo, zimene zikugwirizana ndi zigawo zitatu za Baibulo la Chihebri. Palibe pamene Yesu kapena atumwi anatchula mawu a m'mabukuwa ndi kunena kuti kwalembedwa. Mabukuwo okha akuchitira umboni za msinkhu wawo, pakuti 1 Amakabeo 9:27 akulankhula za nthawi imene aneneri analeka kuoneka pakati pa anthu, ndipo wolemba 2 Amakabeo potsiriza buku lake akupepesa kuti ngati walemba mosakoma, ndi pamene mphamvu zake zinalekezera. Yesaya kapena Amosi sanatsirize uthenga wawo ndi kupepesa kotero. Chivomerezo cha Belgic cha mu 1561, chimene chili cholowa cha mipingo ya Dutch Reformed kumene amishoni a ku Mvera ndi Nkhoma anachokera, chikunena m'ndime yake ya 6 kuti mpingo ungathe kuwerenga mabukuwa ndi kuphunzirapo pamene akugwirizana ndi Malembo, koma sangakhale maziko a nsonga iliyonse ya chikhulupiriro. Choncho, mayi Nagama, kuwerenga Amakabeo si tchimo mu mpingo wanu.

Katekisiti_Mphakati:
Abambo a ku Dowa, mwalankhula mwaulemu ndipo ndiyankha chimodzimodzi. Muyeso woti buku liyenera kutchulidwa m'Chipangano Chatsopano ungathe kukupwetekani nokha, chifukwa Estere, Ezara, Nehemiya ndi Nyimbo ya Solomoni nawonso satchulidwa, pamene Yuda 14-15 akutchula ulosi wochokera m'buku la Enoki, limene inu ndi ife tonse tilibe. Komanso Ahebri 11:35, ponena za anthu amene anazunzidwa nakana kumasulidwa kuti akalandire kuuka koposa, akukumbutsa nkhani ya mayi ndi ana ake asanu ndi awiri pa 2 Amakabeo 7. Ndipo pa Yohane 10:22 tikupeza Yesu m'Kachisi pa chikondwerero chokumbukira kupatulidwanso kwa Kachisiyo. Chikondwerero chimenechi chinayamba mu 164 Khristu asanabadwe, m'masiku a Yuda Makabeo, ndipo munthu amene ali ndi mabuku 39 okha sangapeze chiyambi chake m'Baibulo lake. Za kupepesa kwa wolemba, Paulonso pa 1 Akorinto 1:16 akuti sakukumbuka ngati anabatiza wina aliyense, koma palibe amene amachotsa kalatayo.

MkuluWaMpingo_Dowa:
Pa Estere ndi Ezara mwandigwira, ndipo mfundo imeneyo payokha siingaime. Koma kukumbutsa nkhani ya m'mbiri ndi kosiyana ndi kuitcha Malembo, pakuti Paulo pa Machitidwe 17:28 anatchulanso alakatuli a Agriki. Ndipo mundiuze za buku la Yuditi, limene likuyamba ndi kunena kuti Nebukadinezara ankalamulira Aasiriya ku Ninive, pamene mwana aliyense wa Sande sukulu akudziwa kuti iye anali mfumu ya Babiloni.

Katekisiti_Mphakati:
Akatswiri ambiri a mpingo wathu amaliwerenga buku la Yuditi ngati nkhani yophunzitsa, yolembedwa dala motero kuti Myuda aliyense azindikire kuyambira pa vesi loyamba kuti si kaundula wa mafumu. Fanizo la mwana wolowerera silitaya mphamvu chifukwa choti sitikudziwa mudzi umene mnyamatayo ankakhala.

Mwana_wa_Likoma:
Ife a Anglican timakhala pakati pa mkangano umenewu ndipo mbali zonse zimatiyang'ana mokayika. Ndime ya 6 ya mfundo zathu 39 za chikhulupiriro imatchula Jerome ndi dzina, ndipo imati mabukuwa tiziwawerenga kuti atipatse chitsanzo cha moyo, koma osakhazikitsirapo chiphunzitso. Ndiye m'kalendala yathu ya mawerengo Siraki ndi Nzeru amapezekamo. A Mlonda mwina adabwa kumva kuti Baibulo la King James, limene alaliki ambiri amaliyesa lokhalo loona, linatuluka mu 1611 lili ndi mabuku amenewa pakati pa zipangano ziwiri.

Mlonda_wa_Choonadi:
King James yanga ili pano ndipo mulibe Tobiti.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Mulibedi, a Mlonda, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene chinachititsa kuti mayi Nagama asapeze Amakabeo pa maliro paja. Apa ndi pamene alamu awo analakwitsa. Luther sanataye mabukuwa. M'Baibulo lake la Chijeremani la mu 1534 anawasonkhanitsa pamodzi pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, pansi pa mutu woti Apokirifa, ndi kufotokoza kuti salingana ndi Malembo Oyera koma ndi othandiza ndi abwino kuwerenga. Chimene Trent inachita pa 8 Epulo 1546 ndi kutseka mkangano mkati mwa mpingo wa Katolika polamula kuti mabuku onsewo alandiridwe mofanana, kotero kuti maganizo a Jerome, amene kale Mkatolika ankatha kukhala nawo, sanaloledwenso. Mbali inayo nayonso inaumitsa khosi pang'onopang'ono, ndipo Chivomerezo cha Westminster cha m'zaka za m'ma 1640, chimene Apresibiteriyani a ku Scotland analandira, chinati mabukuwa alibe ulamuliro mu mpingo kuposa zolemba zina za anthu.

Kusowa kwake m'chikuto kunadza mochedwa kwambiri. Bungwe la British and Foreign Bible Society, limene linakhazikitsidwa mu 1804, linkathandiza kusindikiza Mabaibulo okhala ndi Apokirifa m'maiko a ku Ulaya kumene anthu anazolowera choncho. Othandiza bungweli a ku Scotland, makamaka a ku Edinburgh, anakana kuti zopereka zawo zigwire ntchito imeneyo, ndipo mkangano utakula, bungwelo linagamula mu 1826 kuti silidzaperekanso ndalama zosindikizira mabukuwa. Popeza mabungwe otere ndiwo ankasindikiza Mabaibulo otsika mtengo ochuluka zedi, Baibulo la mabuku 66 okha ndilo linafika m'manja mwa anthu wamba ndi m'maiko a mishoni. Pamene William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi a kuno amene ankawathandiza pa chiyankhulo, ankamasulira Buku Lopatulika limene linatuluka mu 1922, lamuloli linali litakhala kale zaka pafupifupi 100, ndipo chikhulupiriro cha omasulirawo chinkagwirizana nalo. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966, ntchito imene anaitsogolera Bambo Louis Villy. Kenaka mu 1998 kunabwera Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Aprotestanti pamodzi, ndipo limapezeka m'mitundu iwiri, lina lokhala ndi mabuku 7 aja, lina lopanda.

Mlendo_ku_Joni:
Kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito ndi mnzanga wa ku Ethiopia wa mpingo wa Orthodox, ndipo tsiku lina nditamuuza za mkangano wa 66 ndi 73 anangomwetulira, nandiuza kuti mpingo wawo umawerengera mabuku 81, ndipo buku la Enoki limene a Katekisiti atchula lili momwemo. Chikhristu chinakhazikika kwawo m'zaka za m'ma 300, Luther ndi Trent kulibe. Kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kulankhula ngati kuti pa dziko pali mbali ziwiri zokha.

Nagama_Chigwirizano:
Ndathokoza nonse, ndipo za mabuku ndamva. Koma funso langa lachiwiri likadali pomwepo. Kodi pa Amakabeo 12 palembedwa chiyani kwenikweni, ndipo ndichite bwanji ndi pempho la apongozi anga?

Katekisiti_Mphakati:
Pa 2 Amakabeo 12:38-45, nkhondo itatha, Yuda Makabeo ndi anthu ake anapita kukatola mitembo ya asilikali awo, ndipo anapeza kuti aliyense wa ophedwawo anali atabisa m'zovala zake zithumwa za mafano a ku Jamnia. Yuda anawapempherera, nasonkhetsa ndalama zasiliva zokwana 2,000, nazitumiza ku Yerusalemu kuti akapereke nsembe yopepesera machimo awo, ndipo wolembayo akuyamika zimenezi chifukwa zinaonetsa kuti Yuda ankakhulupirira kuuka kwa akufa. Ife timaphunzitsa kuti munthu amene wamwalira ali pa ubale ndi Mulungu koma asanayere kwathunthu amayeretsedwa asanaone nkhope ya Mulungu, ndipo ndiyo Purigatoriyo. Si mwayi wachiwiri wa munthu amene anakana Mulungu. Timaonanso chithunzi chake pa 1 Akorinto 3:15, pamene munthu apulumuka monga wopyola m'moto. Chopereka cha Misa si mtengo wogulira chipulumutso, ndipo wansembe sayenera kukana kupempherera munthu chifukwa abale ake ndi osauka. Palibenso lamulo lokakamiza inu, amene simuli Mkatolika, kusonkha nawo.

MkuluWaMpingo_Dowa:
Apa ndi pamene tasiyanadi, ndipo sindibisa. Ahebri 9:27 akuti kwaikidwa kwa munthu kufa kamodzi, ndipo pambuyo pake chiweruzo. Kwa mbala ija pa mtanda Ambuye anati lero lomwe udzakhala nane m'Paradizo, osatchula malo odikirira. Moto wa pa 1 Akorinto 3 ukuyesa ntchito ya womanga, sukutsuka mzimu wake. Ndionjezere kuti asilikali a pa Amakabeo anafa ali ndi mafano pathupi, tchimo limene ngakhale m'chiphunzitso cha a Katekisiti ndi lalikulu, kotero ndimeyo ikuoneka kuti ikunena zoposa zimene mpingo wawo umaphunzitsa.

Katekisiti_Mphakati:
Yuda sankadziwa za mumtima mwa asilikaliwo pa mphindi yawo yotsiriza, ndipo ifenso sitidziwa za aliyense amene tamuika m'manda. Nchifukwa chake timapempherera onse ndi kusiya chiweruzo kwa mwini wake.

Mphunzitsi_wa_Mbiri:
Abambo awirinu mwabwereza zimene zinachitika ku Leipzig mu 1519, pamene Johann Eck anatchula ndime yomweyi poteteza Purigatoriyo, ndipo Luther anayankha kuti bukulo silili pamndandanda wa mabuku okhazikitsira chiphunzitso. Ndiye alamu a mayi Nagama sanalakwe ponena kuti chiphunzitso chinalowererapo, ngakhale kuti Luther sanapeke yekha chikayikocho.

Gogo_Nasibeko:
Mwana wanga Nagama, ine ndine wa Mvano ndipo ndakhala zaka zoposa 30 m'banja longa lakolo. Apongozi anga atamwalira ndinawauza azilamu anga poyera kuti chikumbumtima changa sichindilola kupereka ndalama ya Misa ya akufa, koma kuti ufa, nkhuni ndi ndiwo za anthu obwera ku mwambowo zikhala kwa ine. Ku tchalitchi ndinapita, ndinakhala pambali pa apongozi anga aakazi, ndipo pamene iwo ankapempherera amuna awo ine ndinkapempherera iwowo. Mmodzi yekha mwa azilamu anga ndiye anadandaula, ndipo patapita nthawi analeka. Uyambe wakambirana ndi amuna ako, kuti mawu amenewa akafike kwa amayi awo kudzera mwa iwo, asakawamvere kwa anthu ena.

Mlonda_wa_Choonadi:
Kupita nawo ku Misa yoteroyo ndi kuvomereza.

Gogo_Nasibeko:
A Mlonda, pa 2 Mafumu 5:18-19 Namani anafunsa Elisa za kulowa m'nyumba ya Rimoni atagwiriziza mbuye wake, ndipo mneneri anamuuza kuti apite mumtendere. Imeneyo inali nyumba ya fano, pamene kumene ine ndinaperekeza apongozi anga amatchula dzina la Yesu Khristu.

Nagama_Chigwirizano:
Ndalankhula ndi amuna anga usiku wathawu, ndipo avomera kukawafotokozera amayi Loweruka likudzali monga mmene agogo alangizira. Alamu anga andibwereka Buku Loyera lawo lokhala ndi mabuku onse aja, ndipo ndawerenga 2 Amakabeo kuyambira mutu 6 mpaka 12. Nkhani ya mayi uja ndi ana ake asanu ndi awiri yandiliza. A ku Dowa, ngati Chivomerezo cha Belgic chimatilola kuwerenga mabukuwa, nchifukwa chiyani m'zaka zonse za kalasi ndi za Chigwirizano sindinamvepo ngakhale dzina lake?

MkuluWaMpingo_Dowa:
Chifukwa ambiri mwa ife amene timaphunzitsa kalasi sitinawawerengepo, mayi. Inenso ndinayamba kuwawerenga nditapitirira zaka 50, ndipo buku lake ndinachita kubwereka kwa mnansi wanga wa ku mphakati.